Kodi mayi wa nsomba uja anaphedwa ndi ndani?

Anzanga a pamsika, inu amene mumadzuka tambala woyamba asanalire kuthamangira matola a ku nyanja ya Chilwa, inu amene mumagona pa siteshoni ya Balaka kudikira sitima ya ku Nayuchi mpamba wonse uli m'kathumba ka m'chiuno, sabata ino mundikhululukire. Sindilemba za kukwera kwa chimanga kapena za tikiti ya msika. Ndikufuna tikambirane za anthu amene amaphedwa pakati pathu, ife n'kulira masiku awiri, kudya nsima ya pa siwa, kenaka n'kubwerera ku mabenchi athu ngati kuti mnzathuyo wapita ndi malungo.

M'dziko muno muli mawu atatu amene akwirira milandu yambiri kuposa makasu a adzukulu. Mawu ake ndi awa: kafukufuku ali mkati. Mumawamva pa wailesi, mumawawerenga m'nyuzi ngati ino. Tsiku loyamba amatonthoza mtima. Pakatha mwezi amayamba kusasa. Pakatha chaka palibenso amawanena, poti palibenso amafunsa.

Ine ndinakulira m'tauni ina ya kuno ku Machinga ndi Balaka, paja kale linali boma limodzi, Balaka anangopatuka mu 1998. Kwathu kunali kumapeto kwa tauniyo, kumene nyumba za lendi zimathera n'kuyamba minda ya thonje ndi nandolo, kumene magetsi anafika pa mtengo umodzi n'kutopa. Nyumba yachitatu kuchokera pakwathu munkakhala mayi wina wa geni ya nsomba zouma. Dzina lawo ndilisunga kamba koti ana awo alipo, ndipo ena mwa inu mumagula nawo malo amodzi. Anali ndi ana anayi. Amuna awo anali ku Joni monga amuna ambiri a kuno kwathu, ndipo ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo, mwezi uno zabwera, miyezi itatu zii.

Choncho banjalo linkayendera dengu. Lolemba ali ku Chilwa kukaoda makumba ndi matemba, nthawi zina kambuzi wa ku Malombe, Lachitatu ali pa benchi kuunjika milu. Mayi anga ankawatchula kuti achemwali ngakhale panalibe chibale, chinali chinansi cha pa mjigo ndi pa mtondo basi. Ine ndikatumidwa ndiwo ankandiikira basela amvekere, kadye mwanawe ukakhoze mayeso. Sindikunena kuti anali mngelo ayi. Pa ngongole anali ndi pakamwa, ndipo amene anawabwereka ndalama osabweza amadziwa m'mene ankaimira pakhomo manja ali m'chiuno.

Zinachitika m'dzinja, ine ndili Fomu 2. Usiku umenewo kunagwa chimvula chija choti pansi pa malata simumvana ngakhale mutagona pa mphasa imodzi. Kutacha tinadzidzimuka ndi kukuwa kwa mwana. Anali mwana wawo wachisamba, mtsikana wa zaka 13, amene anatuluka kuchipinda kuti akasonkhe moto n'kupeza mayi ake ali thapsa pabalaza, bala lili m'mutu, thupi litazizira kale. Chitseko sichinathyoledwe. Mpiringidzo unali utatsamira khoma bwino-bwino monga umakhalira munthu akatsekulira mlendo. Wailesi inalipo, madengu awiri a nsomba analipo. Chinasowa ndi foni komanso kathumba ka mpamba, poti tsiku limenelo unali ulendo wa ku nyanja.

Tsono tamvani zimene anachita anthu, ndipo anachita mwa chikondi chenicheni. Dzuwa lisanakwere pakhomopo panali khamu. Kunja kunali matope, ndiye kuti mapazi a amene analowa ndi kutuluka usiku analembeka pansi ngati sitampa, koma pofika 7 koloko anali atapondedwa ndi mudzi wonse. Amayi achifundo anawafunditsa chitenje malemuwo, n'kuwanyamula kuwagoneka pa mphasa kuchipinda. Ena anathira phulusa pa magazi n'kukolopa kuti ana asaone. Bambo wina anatola mpini wa khasu kuseri kwa bafa, ndipo mpiniwo unayenda m'manja mwa anthu osachepera khumi, aliyense akuutembenuza n'kumapukusa mutu. Ine ndinali pa mpanda wa udzu ndi anyamata anzanga, akuluakulu akutithamangitsa. Lero ndi pamene ndimaona kuti chigawenga chija chinathandizidwa ntchito ndi anthu amene ankalira kwambiri.

Apolisi anafika dzuwa lili paliwombo, awiri, pa kabaza, ati galimoto inalibe mafuta. Analemba-lemba m'kabuku, anatenga mpini uja, anafunsa amene anali pafupi. Mtembo unapita kuchipatala pa galimoto imene a komiti ya msika anasonkherana, ndipo kumeneko wachipatala wina anauona n'kulemba kapepala kakuti amwalira kamba ka bala la m'mutu, zimene ngakhale ife ana a pa mpanda tinkadziwa. Banjalo ndi lachisilamu, choncho dzuwa lisanalowe jeneza inali itanyamuka. Sindikunyoza chipembedzo cha munthu, kuika maliro msanga ndi ulemu waukulu kwa womwalira. Koma dothi likatseka manda limatsekanso zimene thupi likanatha kunena, ndipo ndi m'bale uti angalimbe mtima kupempha kuti afukule?

Thupi limayankhula likapeza wolimva. Kumbukirani Robert Chasowa, mnyamata wa pa Polytechnic ku Blantyre amene anapezeka atafa pa sukulupo pa 24 September 2011. Apolisi anathamangira kunena kuti wadzipha yekha podumpha pa nyumba yosanja. Dokotala wopima mitembo, a Charles Dzamalala, ataunika anapeza kuti mabala a m'mutu anali a munthu womenyedwa, ndipo komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inanena poyera kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Pakanapanda dokotala ameneyo bwenzi mpaka lero tikuti anadzipha. Nanga madokotala a ntchito imeneyi alipo angati m'dziko muno? Ndi owerengeka, ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Mayi wa makumba wa kumapeto kwa tauni sawaona, wamoyo kapena wakufa.

Sabata isanathe anagwidwa amuna atatu. Wina anali mnyamata wa kabaza amene ankawanyamula mayiwo m'bandakucha kupita nawo pa siteji. Wina anali wa lendi wa nyumba yoyandikana. Wachitatu anali bambo amene anakangana nawo pa msika za ngongole anthu akuona. Mudzi unapuma, anthu amvekere basi zatha, boma lagwira ntchito. Koma kugwira munthu ndi kumupeza wolakwa ndi zinthu ziwiri zotalikirana ngati Ntaja ndi Phalula. Malamulo a dziko lino, ndime 42, amati wogwidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Mlandu wakupha suzengedwa ndi majisitireti wa pa boma ayi, umapita ku High Court, ndipo kwa ife kuno ndiye kuti ku Zomba. Fayilo imayenera kuchoka pa polisi kupita kwa maloya a boma, iwo aone ngati umboni ukukwana, papezeke loya woimira woganiziridwayo, papezeke ndalama zoyendera mboni. Pa makwerero onsewa fayilo ya munthu wosauka imatha kupunthwa paliponse. Ya mayi athu aja inapunthwa pa loyamba lenileni, poti munalibe kanthu m'katimo koposa mpini wogwiridwa ndi mudzi wonse.

Atatu aja anakhala pa rimandi miyezi ingapo, kenaka mmodzi-mmodzi anatuluka. Wa kabaza uja pobwera anapeza nyumba yake ili phulusa, njinga kulibe, mkazi atabwerera kwawo ndi mwana. Amene anayatsa nyumbayo ndi anthu omwe aja anakolopa magazi. Mnyamatayo anawoloka malire kulowera ku Mozambique ndipo sanabwererenso. Ngati anali wolakwa, ndiye kuti anthu anamuthandiza kuthawa. Ngati anali wosalakwa, ndiye kuti usiku umodzi uja unapasula mabanja awiri.

Pamene khoti lakhala chete, mphekesera ndiyo imavala mkanjo wa jaji. Pa mjigo ankati ndi achibale a kuchimuna, ankalimbirana puloti. Pa bawo ankati mayiwo anali ndi chibwenzi, paja mkazi akaphedwa pakhomo pake pamayenera kupezeka woti amudetse ngakhale ali m'manda. Pa msika ankati ndi mnzawo wa benchi yoyandikana, nsanje ya makasitomala. Ena ankaloza mwini chigayo wina amene anagula galimoto chaka chomwecho, ati zizimba, ati anakhwimira. Munthu ameneyo anthu anasiya kukagayitsa kwa iye mpaka anatseka. Mayina asanu, asanu ndi limodzi, onse oweruzidwa popanda mboni, ndipo mwina mwini wake weniweni anali pomwepo akuthandiza kutchula mayina a anzake.

Agogo anga aamuna, Mulungu ause mzimu wawo, ndi amene anandiuza tsiku lina tikukazinga chimanga kuti zimenezi anaziona kale ku Blantyre ali mnyamata, akugwira ntchito pa fakitale ina n'kumachita lendi ku Zingwangwa. Achinyamata ambiri mukamva Chilobwe mumangodziwa minibasi. Akuluakulu a pamsika akuuzeni. Kuyambira mu September 1968 mpaka mu March 1970 anthu osachepera 31 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira mzinda wa Blantyre, ndipo dzina la Chilobwe ndi limene linamatirira pa nkhaniyo. Ophedwawo sanali mabwana. Anali anthu wamba a m'nyumba zofooka zitseko, amuna, amayi ndi ana, ndipo mitembo ina inkapezeka itachekedwa. Agogo ankati amuna ankagona ndi zikwanje kumutu, mabanja awiri atatu kuunjikana m'nyumba imodzi, galu akangouwa mudzi wonse uli maso mpaka mbee.

Apolisi atalephera kugwira munthu, mphekesera inadzuka yakuti Boma lenilenilo ndi limene likupopa anthu magazi kuti likabwezere ngongole ku South Africa, dziko la tsankho limene Kamuzu anapalana nalo ubwenzi ndipo linapereka ndalama zomangira likulu ku Lilongwe. Mphekesera imeneyo inamuwawa Ngwazi kuposa imfa zenizenizo. Mu 1969 amuna asanu anazengedwa mlandu ku High Court pa imodzi mwa imfazi, ndipo khoti linawamasula kamba kosowa umboni wokwanira. Boma linapsa mtima. M'malo mofunsa chifukwa chimene apolisi anabweretsera umboni wopanda mafupa, linasintha lamulo kuti milandu yakupha izitha kuzengedwa ku makhoti a mafumu, aja a Traditional Court, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Majaji achizungu a ku High Court anatula pansi maudindo awo.

Mu 1970 anagwidwa munthu wina dzina lake Walla Laini Kawisa. Anavomera zina mwa imfazo ndipo anagamulidwa kuti anyongedwe. Koma ndi ochepa amene anakhulupirira kuti munthu mmodzi angazunguze mzinda wonse chaka ndi theka ali yekha. Nayenso nduna ya Boma, Gomile Kumtumanji, imene anthu ankainong'ona pa nkhani yomweyi, inatsekeredwa ndipo inafera m'ndende mu 1990. Amene ankatuma, ngati analipo, chimene ankafuna, ndi amene anapha enawo, zonsezo zinapita ndi mphepo. Ana a amayi amene anaphedwa ku Chilobwe lero ndi agogo a imvi, ndipo palibe anawapatsa yankho lomveka.

Chimene chimandiopsa ine pa mbiri imeneyi ndi ichi. Makhoti aja anapatsidwa mano kuti alume zigawenga za ku Chilobwe, koma anadzaluma ena. Ndi omwewo amene mu 1983 anagamula Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera kuti aphedwe, ndipo Orton anafera ku ndende ya Zomba mu 1992. Anadzatha mphamvu pobwera matipate. Taonani m'mene mlandu wosatha umaberekera. Anthu akatopa ndi mantha amafuula kuti tipatseni mutu wa munthu, wa aliyense, ndipo wolamula amasangalala kupereka, poti mutu ndi wosavuta kupeza kusiyana ndi choonadi.

Ngakhale mphekesera ya magazi ija sinafe. Inadzukanso mu 2002, ndipo mu January 2003 anthu anagenda ndi miyala Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF ku Blantyre, pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Inadzukanso mu 2017 kuyambira ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika mu Blantyre, anthu angapo n'kuphedwa ndi magulu olusa, ena kuotchedwa ali moyo, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Namapopa ngakhale mmodzi sanagwidwe ali ndi botolo la magazi. Amene anafa anali alendo odutsa, odwala, anthu amene analibe wowaikira kumbuyo, ofanana ndi mnyamata wathu wa kabaza.

Ena mumati apolisi angomufinya woganiziridwayo, aulula yekha. Buleya Lule anagwidwa mu February 2019 pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza, ndipo anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. A Dzamalala omwe aja atapima anapeza kuti anamuotcha ndi magetsi. Zimene ankadziwa, ngati ankadziwa, anapita nazo kumanda. Kufinya kumatseka pakamwa pamene pakanatsekuka mu khoti.

Musati ndikunena kuti m'Malawi mlandu wakupha sungathe. Umatha, ndipo chitsanzo chili kwathu konkuno ku Machinga. MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22, anasowa mu March 2018 ndipo thupi lake linapezeka pa 1 April litadulidwa ziwalo. Anamunyengerera kuti amupezera mkazi woti akwatire. Mu April 2022 khoti la High Court, pamaso pa jaji Dorothy NyaKaunda Kamanga, linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyana-siyana yokhudza imfayi. Pakati pawo panali wansembe wa Katolika, Thomas Muhosha, panali wapolisi, panali wachipatala, panalinso mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Mu June chaka chomwecho asanu anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse, wansembeyo zaka 30.

Werenganinso mndandanda umenewo. Wa kutchalitchi, wa kupolisi, wa kuchipatala, wa m'nyumba. Anthu anayi amene munthu amathawirako zikavuta. Komabe mlandu unatha, ngakhale unatenga zaka zinayi. Unatha chifukwa panali anthu amene anakana kugona. Bungwe la anthu achialubino la APAM linkafuula tsiku ndi tsiku, a Amnesty International ankalemba, akazembe ankafunsa, atolankhani ankadzaza khoti. Fayilo imene anthu akuiyang'anitsitsa sisowa m'kabati. Mayi wa makumba analibe bungwe, analibe kazembe. Anali ndi ana anayi ndi komiti ya msika imene ntchito yake inathera pa kugula nsalu ya maliro ndi thumba la ufa.

Ndipo ngakhale kutchuka sikukwanira nthawi zonse. Issa Njauju anali mmodzi wa akuluakulu a bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Anaphedwa mu July 2015 ku Lilongwe, thupi lake linapezeka litakwiriridwa mosabisika, galimoto yake itaotchedwa. Maboma anasinthana pa mpando, malonjezo ananenedwa pa misonkhano, zaka zinadutsa banja lake likudikira. Ngati za bwana wa ku ACB zinayenda chonchi, inu wa tomato pa Nsanama kapena wa zitumbuwa pa Ulongwe muyembekezere chiyani?

Za ana aja ndi zimene nyuzi sizilemba, chifukwa zimachitika pang'ono-pang'ono, popanda magazi oti munthu ajambule. Bambo awo anafika kuchokera ku Joni patatha masiku asanu, anakalira pa manda, anakhala mwezi umodzi, n'kubwerera poti ntchito siidikira. Patapita nthawi tinamva kuti akwatira komweko. Sadaka isanachitike n'komwe, amayi a banki m'khonde anafika ndi buku lawo, mwaulemu ndithu, atafunda zitenje, kudzanena kuti malemu anali ndi ngongole ya gulu. Ndalama zake ndi zomwe zija zinali m'kathumba. Anazula malata asanu ndi limodzi a kukhitchini. Sindikuwada amayi amenewo, nawonso ndalamazo zinali za mapoto awo. Benchi ya pa msika ija sabata yachiwiri panali patakhala kale munthu wina.

Anawo anagawidwa ngati ziwiya za masiye. Awiri aang'ono anapita kwa agogo awo kumudzi, mnyamata anatengedwa ndi amalume ake kukathandiza pa golosale, sukulu n'kuthera pomwepo. Wachisamba uja, amene anali mutu wa kalasi ku pulayimale, anakwatiwa ali ndi zaka 15, ngakhale lamulo la maukwati la 2015 limati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Amene anapha mayi uja anaba ndalama zosakwana kugula njinga yamoto, koma anatenga tsogolo la anthu anayi, ndipo pa mlandu wachiwiriwu palibe ngakhale fayilo imene inatsekulidwa.

Tsono ndinene maganizo anga, ena akwiye akwiye. Mayi amene amuna ake ali kunja, ali ndi mpamba m'nyumba, satsekulira chitseko munthu wachilendo pakati pa usiku kukugwa mvula. Inu amayi a geni mukudziwa zimenezi kuposa wapolisi aliyense. Amene analowa ankadziwika. Ankadziwa tsiku la ulendo wa ku nyanja, ankadziwa kuti ndalama za gulu zatuluka sabata imeneyo. Munthu wotere sachoka ku Lilongwe, ndi wa pakati pathu. Anabwerera kunyumba kwake usiku umenewo atanyowa, mwina ndi magazi pa malaya, ndipo alipo amene anamutsekulira, alipo amene anachapa malayawo, alipo amene anagula foni ija motchipa osafunsa. Mwinanso pa maliro ananyamula nawo jeneza, n'kusamba m'manja, n'kudya nsima.

Ndikudziwa chimene chimatseka anthu pakamwa, ndipo si kuipa mtima kokha. Kwathu kuno wopeza mtembo ndi amene amayamba kugona m'chitokosi. Wopereka umboni amayenda yekha pa ndalama zake, kusiya geni tsiku lonse, kukangouzidwa kuti mlandu wasunthidwa. Ndipo woganiziridwayo akatuluka pa belo sabwerera ku polisi, amabwerera ku mudzi komwe kuli mboni ija, nyumba yake ya chitseko cha matabwa a mango ili poonekera. Mayi woganiza za ana ake amasankha kusoka pakamwa, ndipo ine sindingamugende. Koma paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu amene anapha kamodzi n'kuona kuti palibe chamuchitikira, kachiwiri dzanja silinjenjemera.

Chimene munthu mmodzi amaopa, anthu makumi atatu saopa. Pamsika tili ndi luso limodzi limene ngakhale Boma lilibe: mnzathu akamwalira m'mawa, pofika masana mbale yazungulira, ndalama zakwana, galimoto yapezeka. Bwanji luso lomwelo limathera kumanda? Komiti imene imalemba chipepeso ingathenso kulemba nambala ya fayilo ndi dzina la wapolisi wofufuza, n'kumapita mwezi ndi mwezi, osati mwana wamasiye yekha koma amayi khumi ovala zitenje zofanana, kukakhala pa benchi ya pa polisi mpaka ayankhidwe. Ingathe kuuza anthu kuti pamalo pamene paphedwa munthu pazungulidwe chingwe, pasakolopedwe, pasatoledwe kanthu, ngakhale mtima ukuwawa chotani. Kuyambira 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso, choncho amene anaimba foni usiku umenewo angathe kudziwika khoti likalamula. Kuli a Legal Aid Bureau, kuli a Malawi Human Rights Commission, kulinso bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi la Independent Complaints Commission. Ndipo musaiwale amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anachitidwa nkhanza mu October 2019. Anali amayi wamba ngati inu, koma ataima pamodzi ndi maloya a Women Lawyers Association, mu August 2020 khoti linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Pa mlandu wakupha lamulo siliika malire a zaka. Mlandu suola, amaola ndi mapepala akasiyidwa pa chinyontho.

Mtsikana wachisamba uja tsopano ndi mayi wa ana awiri, amagulitsa mandasi ndi tiyi pa siteji ina. Ali ndi kapepala kamene amalume ake anapatsidwa tsiku lija, amakasunga m'pepala la shuga pansi pa sutikesi, inki inayamba kufufutika. Chaka chatha anandipempha kuti ndimuperekeze ku polisi, ati achimwene inu mumadziwa kuyankhula ndi a m'maofesi. Amene ankafufuza nkhaniyo anasamutsidwa kalekale, mnzake anapuma ntchito. Tinapeza wapolisi wamkazi wachitsikana amene panthawi ya imfayo ayenera kuti anali pa sukulu ngati ife. Anatilandira bwino, anatipatsa mpando, fayilo anati aifunafuna. Kenaka anamufunsa funso limene pa zaka zonsezi palibe wamkulu anamufunsapo, poti anali mwana ndipo ankangomuuza kuti tonthola: kodi usiku umenewo iwe unamvapo kanthu?

Anati inde. Mvula itadukiza pang'ono anadzidzimuka, anamva kugogoda, anamva mpiringidzo ukuchotsedwa, ndipo anamva mayi ake akuseka n'kunena kuti lowani achimwene, mwanyowatu. Kenaka mvula inayambiranso ndipo iye anagona.

Wapolisiyo analemba mawuwo pa pepala latsopano, anamusainitsa, n'kumuuza kuti abwerenso mwezi wamawa.